Anthu a M'mabuku Alibe Atsibweni

Ndisanakwanitse zaka makumi awiri ndinali nditayamba kale kudziona ngati mkazi wanzeru kuposa akazi onse a m'tsinde mwa phiri la Ndirande, ndipo chimene chinanditukumula sichinali china koma mabuku a dona. Masiku amenewo Kabula inali idakali tauni ya fumbi. Azungu ankayenda pa gareta, ife tinkagula sopo pawindo la sitolo poti pakhomo panali pa eni ake. Ine ndinkalera ana awiri a mzungu wina wogwira ntchito ya fodya, m'nyumba ya njerwa kumtunda kwa mtsinje wa Mudi. Chingerezi ndinachiyamba ku sukulu ya mishoni, koma ndinachinolera m'nyumba imeneyo pokalipiridwa.

Dona wanga analibe ntchito ina koma kugona pampando wa nsungwi pakhonde, buku lili pamphuno. Mwana akalira, ine. Nyerere zikalowa mu shuga, khukhi. Iye maso papepala, nthawi zina misozi chuchuchu, kulirira anthu amene sanabadwe n'komwe. Mwamuna wake weniweni akabwera ku ntchito, mbuu ndi fumbi, ankangomulozera tiyi ndi chibwano. Ndinkamuseka mumtima, osadziwa kuti matenda akewo ngopatsirana.

Mabukuwo ankabwera m'bokosi kuchokera kwawo. Akawerenga ankawaponya pamwamba pa kabati, mphemvu n'kumachita nawo phwando. Tsiku lina anandiunjikira mulu wonse m'manja kuti ndikapatse khukhi aziyatsira moto. Khukhi analandira awiri okha, ena onse anapita kwathu atakulungidwa m'nsalu.

Lero ndikhoza kukuuzani zimene zinali m'menemo popanda kutsegula ngakhale limodzi, chifukwa onse anali ana a mayi mmodzi. Mtsikana wokongola wosauka, mwamuna wolemera wamwano wokhala ndi kavalo. Amadana mpaka pakati pa buku, wina amadwala, kalata imasokera, kenako amakwatirana. Palibe amene amasinja, palibe amene amatunga madzi, palibe mwana wa chikuku. Mkazi akamva nkhani yoipa amakomoka, ndipo nthawi zonse pamakhala mpando wofewa pafupi. Kwathu ukakomoka umagwera pa mafuwa. Koma nthawi imeneyo ndinkameza zonsezi osatafuna, ndipo ndikatuluka panja n'kuona anyamata a kwathu akutokosa m'mano ndi kamtengo, ndinkamva chisoni kuti ndinabadwira dziko lolakwika.

Chonsecho panali mwamuna amene ankandifuna, ndipo inenso ndinkamufuna. Ndinene mosabisa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Anali telala, wochokera cha ku Chiradzulu, ndipo ankasoka pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Limbe. Ndinamudziwa pamene dona anandituma kukafupikitsa makatani. Anali munthu wa mawu ochepa, mwina chifukwa pakamwa pake pankakhala mapini tsiku lonse. Akamaseka ankayamba wawachotsa kaye, mmodzimmodzi, ndiye pofika poti aseke nthabwala inali itazizira. Sankamwa, analibe mkazi wobisa kumudzi, ndipo makina osokerawo anali akeake.

Mawu ake anandifika m'njira yake. Anauza mlongo wake, mlongo wake anauza msuweni wanga pamsika, msuweni wanga anandinong'oneza pa chitsime. Ndinayankha kuti ndamva, ndipo aliyense anadziwa kuti kumeneko n'kuvomera. Chotsala chinali chakuti nyengo ya fodya ikatha, iye atume akuluakulu a kwawo kwa atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amene anali mwini mbumba yathu. Zonse zinkayenda bwino ngati madzi m'ngalande, ndipo n'zimene zinkandinyansa. Panalibe kavalo, panalibe misozi, panalibe ngakhale kalata imodzi yosokera.

Loweruka lililonse lachiwiri dona ankandimasula masana, ndipo ndinkayenda pansi kudzera ku Chichiri mpaka ku Limbe. Tsiku lina ndinanyamula mabuku atatu amene ndinali nditangomaliza kumene, akali otentha m'mutu mwanga. Ndinawaika pamwamba pa khaki amene telalayo ankadula.

"Muwerenge awa," ndinatero. "Munthu sangamangokhalira buku la nyimbo ndi manambala a m'chiuno mwa anthu."

Anachotsa mapini. "Chingerezi changa ndi cha Sitandade 3, chemwali. Ndidzamaliza ndili ndi imvi."

"Muziwerenga pang'onopang'ono. Loyambali ndi la mwana wa mbusa ndi msilikali wobwera kunkhondo akutsimphina. Limeneli ndinalira nalo kawiri. Lachiwirili ndi la mtsikana amene anadikira woyendetsa chombo zaka zisanu ndi ziwiri. Pakati pake n'potopetsa, amangokamba za nyanja, mukhoza kudumpha. Koma kumapeto kwake musadumphe."

"Nanga ili lopanda chikuto?"

"Limenelo ndi la ana, ndangoliphatikiza. Muli mfumu imene inasandutsidwa kakowa, njoka yamapiko yolondera chitsime, ndi mnyamata wovala mkanda wamankhwala. N'lokoma ndithu, koma mulibe nzeru. Muyambe ndi awiriwa."

Ndinalankhula ngati mphunzitsi wamkulu, ine mlezi wochapa matewera. Iye anapukuta manja pa thalauza, anatenga mabukuwo ndi manja awiri n'kuwaika m'bokosi la ulusi.

Anatha miyezi iwiri. Ankawerenga nthawi ya nkhomaliro, chala chili pansi pa mawu, milomo ikugwedera. Mawu akamukanika ankafunsa kalaliki wa pa siteshoni amene ankabwera kudzasoketsa makolala. Nditapitanso ndinamupeza nkhope ili ngwee, ndipo ndinaganiza kuti msilikali wotsimphina uja wagwira ntchito yake. Ayi ndithu, m'manja mwake munali lopanda chikuto lija.

"Ili ndiye buku," anatero. "Njoka imeneyi ndi napolo weniweni, kungoti wawoyu anamera mapiko. Koma chandidabwitsa chimodzi. Amayi anga aang'ono azungu a mishoni anawaimitsa mgonero kutchalitchi chifukwa cha kachithumwa ka m'chiuno mwa mwana. Mnyamata wa umuyu wavala mkanda wamankhwala kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo azungu omwewo amulemba kuti ndi ngwazi. Kapena mankhwala akakhala m'Chingerezi saipa?"

Lero ndikuona kuti funso limeneli linali la nzeru kuposa zonse zimene ndinatola m'mabuku makumi atatu. Tsiku limenelo linangondipsetsa mtima.

"Ndakufunsani za njoka? Nanga awiri aja?"

Anakanda kumutu. "Ndawerenga. Anthu ake ndawamvera chisoni. Kodi alibe atsibweni? Mnyamata angodzuka yekha, ulendo kwa bambo a mkazi, kenako kukagwada pamaso pa mtsikana. Palibe nkhoswe ngakhale mmodzi. Nanga akadzakangana m'nyumba, adzapita kwa yani?"

"Sakangana."

"Chifukwa buku limatha tsiku la ukwati."

Pamenepo ndiye ndinamasula lilime. Ndinamuuza kuti mwamuna wokonda mkazi sabisala kumbuyo kwa madoda. Ndinati amuna a kuno amakamba ukwati ngati mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha eni, akuluakulu anayi pansi pa mtengo, mwini nkhani ali kutali akusenda nzimbe. Ndinati mtima ulibe nkhoswe, mawu amene ndinawaba m'buku lachiwiri. Kenako ndinatsegula la msilikali lija pamene iye agwada m'munda wa maluwa, ndinapinda ngodya ya tsambalo n'kumubwezera.

"Werenganinso apa. Ngati izi simungazithe, musavutitse akuluakulu a kwanu ndi ulendo wa ku Ndirande."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mukunenetsa, chemwali?"

"Ine sindibwereza mawu."

Ndinabwerera ku Kabula mapewa ali m'mwamba. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo yanga ndinali nditaifolera kale. M'mutu mwanga sindinafike n'komwe poganiza kuti zimenezi zidzaoneka bwanji pabwalo la kwathu. Ndinkangoona munda wa maluwa wa m'buku, kuiwala kuti kwathu kuli nkhuku, nkhokwe ndi atsibweni.

Kuti mumvetse zimene zinachitika, muyambe mwadziwa amuna awiri a pamudzi pathu. Bambo anga anali mmisiri wa matabwa. Anabwera kudzakwatira amayi kuchokera ku Mulanje, ndipo ngakhale anakhala pamenepo zaka makumi awiri ndi mphambu, anali mkamwini basi. Ankadziwa bwino kuti mkamwini asamakule mwendo. Ankatidyetsa, ankativeka, koma za ukwati wa ana sizinali zawo, ndipo sankazifunanso. Atsibweni anali kapitawo wa anthu okonza njanji. Ankayenda ndi ambulera ngakhale mu Julaye, ndipo wezulo ya kuntchito ankaivala m'khosi mpaka kutchalitchi. Sanali munthu woipa, anali wokonda kuonekera. Za telala anali atazimva kale, anali atatuma munthu ku Chiradzulu kukafufuza mtundu wake, ndipo anakhutira. Anali atauza kale anzawo kuti posachedwa avala jekete yosokedwa ndi mkamwini wa pamudzi. Ankangodikira tsiku loti akhale pampando, akhosomole, anamizire kuti nkhaniyo ndi yachilendo.

Linali Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi, anthu onse ali panja. Ine ndinkapeta mpunga pafupi ndi nkhokwe. Ndinangomva ana asiya phokoso. Nditadzutsa mutu ndinaona telala uja akukwera kanjira ka kumudzi, yekhayekha, atavala suti yoyera imene anasoka yekha, tayi pakhosi, thukuta kamukamu. M'manja ananyamula maluwa ofiira othyola pampanda wa mmwenye.

Azakhali ena anafunsa mokweza kuti, "Kodi kwagwa maliro kuti?"

Anadutsa pakhomo pa atsibweni, eni ake ali pampando pomwepo. Anangovula chipewa n'kupitirira. Atsibweni anatsala kukamwa kuli yasa, moni ali pamlomo. Iye analunjika kwa bambo anga, amene anakhala pamphasa akusenda chinangwa.

"Bambo," anatero, mawu ake omveka mudzi wonse, "ndabwera ndekha, osatuma munthu. Ndimakonda mwana wanu. Ndikupempha kuti mundipatse akhale mkazi wanga."

Bambo anga anaoneka ngati awagwira ndi nkhuku ya eni m'manja. Anayang'ana amayi, anayang'ana kwa atsibweni, anayang'ana chinangwa.

"Ine?" anatero. "Mwasokera, bambo. Ine pano ndine mlendo. Eni mudzi mwawapitirira apo."

Munthu wina akanabwerera pomwepo. Koma iye anali atawerenga tsamba lija mpaka kuliloweza, ndipo anali munthu womaliza chimene wayamba. Anatembenuka, anabwera pamene ndinali ine, n'kugwada bondo limodzi pafumbi, maluwa atandilozetsa. Mwamuna wamkulu, wa ndevu zake, kugwadira mtsikana, apongozi ake akuona. Amayi anafunda nsalu kumutu n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Kenako kuseka kunayamba, koyamba atsikana, kenako amayi akuluakulu, mpaka ena kugwirana mapewa.

M'mabuku, pamenepa mtima wa mtsikana umauluka. Wanga unangoti zii. Chimene ndinaona ndi bondo la thalauza yoyera litatsamira pa zitosi za nkhuku, ndi maso a anzanga onse ali pa ine. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinagwiritsa lichero ndi manja onse awiri osasuntha, ndipo iye anakhalabe chogwada mpaka atsibweni analiza wezulo.

Mlandu unakambidwa nthawi yomweyo pansi pa mtengo wa mango. Atsibweni analankhula nthawi yaitali, ambulera ikuloza uku ndi uku. Anafunsa ngati iwo anamwalira osadziwa. Anafunsa ngati ku Chiradzulu anthu amalowa m'nyumba kudzera padenga. Anafunsa bambo anga ngati ayamba kugawa ana a eni, bambo n'kulumbira kuti munthuyo sanamuitane. Telala anakhala pansi, mutu woweramitsa, maluwa ali pambali pake mbuzi ikuwanunkhiza.

Mkwiyo utatsikako, atsibweni anakhala pampando n'kulankhula bwinobwino.

"Munthu uyu ndinamufufuza," anatero. "Si wamisala, si woledzera, kwawo ndi kwa anthu. Zimene wachitazi si za m'mutu mwake. Alipo amene wamutuma." Anatembenukira kwa ine. "Iwe, ndi mabuku ako aja. Ndiwe?"

Ndinadziwa bwino lomwe chimene ankachita. Ankatitsegulira khomo tonse awiri. Ndikanati inde, nkhani ikanasanduka chibwana cha mtsikana. Amayi akuluakulu akananditengera m'nyumba kukandilangiza, mabuku akanapita pamoto, anzanga akanandiseka mwezi umodzi, ndipo mwamunayo akanadzuka pamenepo ulemu wake uli wonse, munthu amene anangomvera mkazi wopusa chifukwa chomukonda. Mawu ake anali amodzi okha, ndipo ine wodziwa Chingerezi cha mabuku makumi atatu anandikanika.

"Ine ayi, atsibweni," ndinatero. "Sindikudziwa chimene chawagwira."

Ndipo ndinaseka. Ndinaphimba pakamwa ndi nsalu n'kuseka pamodzi ndi anzanga, kuti aone kuti ndili mbali yawo. Pa zonse zimene ndinachita chaka chimenecho, kuseka kumeneko ndi kumene kumandiwawa mpaka lero.

Iye anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sanakwiye, anangondiyang'ana monga ankayang'anira nsalu asanaidule. Kenako anatembenukira kwa atsibweni.

"Ndinaganiza ndekha, bambo. Ndalakwa."

Atsibweni anagamula mopepuka, poti jekete ankaifunabe. Anati abweretse tambala mmodzi wopepesera mudzi, kenako atume akuluakulu a kwawo monga achitira anthu, ndipo nkhani ya lero iiwalike. Telala anawomba m'manja, anathokoza, anasansa fumbi pa bondo n'kutsika kanjira kaja. Ana anamutsatira mpaka kumtsinje akugwadirana ndi timaluwa ta maungu.

Tambala anabwera Lachitatu, atanyamulidwa ndi mlongo wake, amene sanandipatse moni. Ine ndinati basi zatha bwino. Ndinayamba kukonza m'mutu mmene ndidzamusekere tikadzakwatirana, mmene tidzafotokozere ana athu. Ndinkaganiza kuti munthu wofatsa sapwetekeka.

Nyengo ya fodya inatha, akuluakulu sanabwere. Mvula yoyamba inagwa, tinadzala, chimanga chinafika m'mawondo. Lamulungu lililonse atsibweni ankakhala pampando wawo atavala bwino, maso kunjira, mpaka anayamba kundifunsa ine ngati ndamvako kanthu. Anzanga aja amene ndinaseka nawo anayamba kunditchula dona wa maluwa. Ku Limbe sindinapiteko miyezi itatu. Ndinkadziuza kuti mkazi wa m'buku sathamangira mwamuna, koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa.

Potsiriza ndinapita, Loweruka lina kukuwaza mvula. Ndinamupeza pamalo pake pomwe paja, akupondaponda makina. Atandiona anaimitsa, anachotsa mapini pakamwa, n'kuimirira monga ankachitira ndi kasitomala aliyense.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Sanayambe wanditchulapo mayi. Ndinayankha moni, kenako mawu onse amene ndinakonza m'njira anabalalika. Ndinangoti atsibweni akudikira.

"Tambala analandira?"

"Analandira."

"Ndiye mlandu wanga ndi iwo unatha."

Anawerama, anatsegula bokosi la ulusi n'kutulutsa mabuku atatu aja. Poyamba sindinawazindikire. Lililonse analisokera chikuto cha khaki wotsala, m'mphepete mopinda bwino, ndipo masamba amene ankathothoka anawalumikiza ndi ulusi woyera, timisoko ting'onoting'ono tofanana. Ngakhale la njoka lija, limene linabwera lamaliseche, linali litavala. Anandipatsa ndi manja awiri.

"Mabuku anu awa. Zikomo, ndaphunziramo zambiri."

"Mukhoza kusunga," ndinatero. "Kapena ndikubweretsereni ena. Alipo ena abwino kuposa awa."

"Ayi, akwana." Anayang'ana mvula. "Pamene munapinda paja ndinawerengapo kambirimbiri ndisanabwere kwanu. Nditabwerako ndinawerengaponso, kuti mwina ndinalakwitsa penapake. Ndinapeza kuti zanga ndinachita zonse. Koma tsamba lotsatira lake, msilikali uja atagwada, anthu a m'nyumba akumuseka pawindo, mtsikana anataya zimene ananyamula n'kumugwira dzanja, kumudzutsa. Ine ndimayesa tonse tinawerenga buku limodzi."

Ndinafuna kunena kuti ndinachita mantha, kuti ndinali mwana, kuti ndipita kwa atsibweni lero lomwe kukaulula. Zonsezo zinali zoona, ndipo zikananenedwa pansi pa mango paja zikanagwira ntchito. Ndinamukonda munthu ameneyo kuposa mwamuna aliyense amene ndinadzamudziwa pambuyo pake, ndipo ndinamutaya ndi pakamwa panga, kawiri, poyamba pomutuma, kenako pomukana.

Anakhala pansi, anabwezera mapini pakamwa, n'kuyambanso kupondaponda makina. Ine ndinaima pakhondepo mabuku ali pachifuwa, madzi a padenga akundidonthera kumapazi, mpaka mmwenye anatuluka kudzandifunsa ngati ndikufuna nsalu.